Dimba la Mayi Nankhoma

Kalekale, koma osati kale lija nyama zinkayankhula, kale la magolosale ndi katapila, kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Anali ndi ana aakazi atatu: woyamba Ndaziona, wachiwiri Enelesi, mzime Tinenenji. Chuma chawo chonse chinali dimba limodzi m'mbali mwa mtsinje, lomwe Nankhoma analandira kwa amayi ake. Linali laling'ono, koma silinkauma ngakhale dzuwa la Okutobala litang'amba nthaka.

Bambo wa anawo anaganiza zolima fodya. Anapita kwa a Kaphwiti, mwini golosale wa pamsika amene ankakongoza ndalama za katapila, n'kupereka dimba la mkazi wake ngati chikole. Fodya anakula mpaka kufika m'chifuwa. Kenako tsiku lina masana kunagwa matalala, masamba onse n'kusanduka nsanza. Bamboyo sanakhalitse, anamwalira mvula isanathe. A Kaphwiti anabwera pamaliro, anapepesa, anadya nawo, ndipo pochoka ananong'oneza mferedwayo kuti ngongole siifa ndi mwini wake. Anati azilipira mwezi ndi mwezi, ndipo akadzadumphitsa mwezi umodzi wokha, dimba lidzakhala lawo.

Atameta maliro, Nankhoma anaitana ana ake, n'kupatsa Ndaziona chitini chokhala ndi loko.

"Iwe ndiwe wouma mtima ngati agogo ako," anatero. "Ndalama ikalowa umu isatuluke, kupatula yopita kwa a Kaphwiti. Ngakhale ndilire ine amene, usatsegule. Lumbira."

Ndaziona analumbira.

Kuyambira tsiku limenelo shuga anatha m'nyumbamo, mafuta ophikira anatha, palafini anatha. Ankadya kamodzi, dzuwa lisanalowe, kuti asafune nyali. Mchere Ndaziona ankayeza ndi kachitsekero ka botolo, sopo ankadula ndi ulusi. Kuchigayo analeka kupita, ankasinja okha mpaka manja kuchita matuza. Tomato wabwino ndi mpiru wobiriwira zinkapita kumsika, iwo n'kumadya masamba achikasu amene ogula awakana. Kumaliro a anzawo ankapita chimanjamanja, ndipo mudzi wonse unayamba kuwajeda. Tsiku lina Ndaziona anapeza amayi ake kuseri kwa khola atagwira dzira. Anawafumbatula zala chimodzichimodzi, n'kulitenga.

Mwamuna wa Ndaziona, Lufeyo, anapirira miyezi ingapo. Tsiku lina anapempha ndalama ya usipa, Ndaziona n'kumukaniza. Lufeyo anati anabwera pamudzipo kudzakwatira mkazi, osati loko. Anamanga zovala zake panjinga, ndipo sanabwerenso. Ndaziona sanamuthamangire. Chimene chinamubwerera m'mutu n'chakuti pakamwa pamodzi pachepa, ndipo anachita mantha ndi mtima wake womwe. Iyeyo ndiye ankadya pomalizira, makoko a mumphika. Nsalu zake zabwino anagulitsa, n'kutsala ndi imodzi yomwe ankachapa n'kudikira iume.

Koma zonsezo zinkangokwanira chiwongoladzanja. Ngongole yeniyeniyo inali chikhalire, osasuntha.

Ndiye Enelesi ananyamuka. Anali ndi chibwenzi chomwe chinali pafupi kufika kwa ankhoswe, koma anapita kuphiri la kufupi ndi tauni kukaphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Ankakhala pansi tsiku lonse ndi hamala, fumbi lili koboo, n'kumagona m'chisakasa cha mapepala. Mwezi ukatha ankatumiza ndalama zonse, kungosiyako ya ufa. Tsiku lina kachidutswa ka mwala kanathetheka n'kumulasa m'diso. Anatuma munthu kwa mkulu wake kupempha kuti malipiro a mwezi umenewo apite nawo kuchipatala cha maso. Ndaziona anauza mthengayo kuti akanene kuti maso ndi awiri koma dimba ndi limodzi. Enelesi anamanga kansalu pankhope, n'kutumiza ndalamazo. Diso linatupa, linatuluka mafinya, linafa. Mnyamata uja atamuona anakwatira wina. Enelesi anapitiriza kuphwanya miyala, tsopano akukhosomola fumbi.

Ngongole inayamba kutsika, koma chiwongoladzanja chinkaithamangira pambuyo ngati galu.

Ndiye Tinenenji ananyamuka. Anali ku sekondale, mwana wanzeru amene aphunzitsi ankati adzakhala namwino. Fizi inali itasiya kale kutuluka m'chitini. Anapita yekha kugolosale kukapempha a Kaphwiti kuti aleke kubereketsa ngongoleyo. A Kaphwiti anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti akazi awo akusowa wowathandiza ntchito zapakhomo. Akakhala kumeneko wopanda malipiro, ngongole siiberekanso nthawi yonse imene ali pakhomopo. Aliyense pamsikapo ankadziwa zimene zinkachitikira atsikana olowa m'nyumba imeneyo. Ndaziona nayenso ankadziwa. Komabe anamunyamulira yekha kachikwama, n'kumuperekeza mpaka pageti. Tinenenji anamuyang'ana, akudikira kuti mwina anena kuti tiye tibwerere. Ndaziona anangomukonza kolala ya diresi, n'kutembenuka. Chaka chisanathe mtsikanayo anali ndi pakati. Anabisa ndi nsalu, osauza munthu, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lotuluka pakhomopo ngongole idzayambanso kubereka.

Tsopano ngongole inkatsika mooneka. Patatsala miyezi yochepa kuti ithe, Nankhoma anadwala. M'mimba munatupa, chakudya osakhazikika. Kuchipatala chaching'ono anati matendawo ndi a kuchipatala chachikulu cha kuboma, ndipo asachedwe. Galimoto inalipo pamsika, mwini wake anatchula mtengo. M'chitini munali ndalama zokwanira mtengowo ndendende, koma zinali za a Kaphwiti za mwezi umenewo. Ndaziona anayenda mudzi wonse kupempha. Anthu anamukumbutsa maliro awo amene iye anabwerako chimanjamanja. Anakagwada kugolosale kupempha kuti amudikire mwezi umodzi. A Kaphwiti anaseka, n'kunena kuti agula kale mbewu ya anyezi yoti akafese m'dimbamo.

Atabwerera kunyumba anapeza amayi ake atagona pamphasa pakhonde, thukuta lili kamukamu.

"Ndaziona mwana wanga, lumbiro lija ndamasula. Tsegula. Ndikufa."

"Munanena nokha, amayi. Munati ngakhale mulire."

"Sindinkadziwa kuti zimapweteka chonchi."

Ndaziona anawapukuta nkhope, anawamwetsa madzi, anawafunditsa nsalu yake imodzi ija. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini kukhwapa. Amayi ake anamuona akudutsa. Anamuitana dzina mpaka anafika kumsewu, iye osacheuka. Anapereka ndalamazo kugolosale, mng'ono wake Tinenenji akuonerera pazenera la khitchini. Nankhoma anakhala masiku angapo akubuula, osamuyankhulanso mwana wakeyo. Akamubweretsera phala ankatembenukira kukhoma. Anamwalira chomwecho, ndipo anamuika wokulunga m'mphasa, chifukwa bokosi nalo likanafuna kutsegula chitini.

Ngongole inatha. Tsiku lomwe Ndaziona anapereka ndalama yomaliza, akazi a Kaphwiti anaponya zovala za Tinenenji kunja kwa geti. A Kaphwiti anati mimbayo sakuidziwa, atsikana a masiku ano ndi oyendayenda. Enelesi anatsika kuphiri ndi diso limodzi ndi chifuwa chosagonetsa. Atatuwo anakumana pakhomo la amayi awo, dimba lili lawo, koma palibe amene anaseka.

Anayesa kulima limodzi, zinakanika. Enelesi sankadya chophika Ndaziona. Tinenenji atabereka, akamuona Ndaziona akubwera ankatseka makutu a khanda lake. Ndaziona naye anali asanaleke kuyeza mchere ndi kachitsekero, ngakhale panalibenso womulipira. Tsiku lina m'dimba Enelesi anamunyamulira khasu, anthu n'kuchita kuwaleretsa. Zitatero anaitana atsibweni awo, a Zuze, mlongo wake wa malemu Nankhoma.

A Zuze anayendera dimbalo, n'kuona kuti siligawika. Chitsime chinali kumbali imodzi, ndipo akalidula patatu aliyense akanatsala ndi kachigawo kosadyetsa ngakhale mbuzi. Anati mmodzi alitenge, enawo akaone kolowera. Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango kuti aliyense anene mbali yake.

Enelesi anayamba. "Atsibweni, chitini sichibala ndalama. Zimene achemwali ankatsekera zija zinali thukuta langa. Pakanapanda ine akanatsekera mphepo. Ndinapempha pang'ono pa zanga zomwe, anandimana. Onani nkhope yangayi. Adzandikwatira ndani, nanga kumiyala ndibwererako ndi chifuwa chiti?"

Tinenenji anayankhula osadzutsa mutu. "Ndalama za achemwali a Enelesi zikanangothera chiwongoladzanja mpaka lero. Ine ndinachiimitsa, ndipo nonse mukudziwa kuti ndinachiimitsa ndi chiyani. Sukulu inapita, dzina linapita. Mwana uyu alibe bambo, alibe kwawo kwina. Akadzafunsa kuti anabadwiranji, ndidzamuloza kuti?"

Womaliza anali Ndaziona. Anayang'ana azing'ono akewo, n'kuona kuti chidani chawo n'choyenera, koma sanagwetse msozi.

"Enelesi akanasunga chitinicho, akanatsegula tsiku la diso lake. Tinenenji akanasunga, akanatsegula tsiku la amayi. Munthu aliyense wamtima akanatsegula, ndipo lero a Kaphwiti bwenzi akukolola anyezi. Inu munapereka zanu, anthu akukumverani chisoni. Ine ndinapereka mwamuna, ndinapereka inu awiri, ndinapereka amayi. Palibe khomo m'mudzi muno limene lingandipatse madzi akumwa. Mukandichotsa m'dimbamo, ndiye kuti amayi ndinawaphera chabe."

A Zuze anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. Anthu amene anabwera kudzamvera anayamba kukangana okhaokha. Ena ankati wopha mayi ake asadye za m'dimba la mayi ake. Ena ankati mayiyo ndiye anasula mpeni umene unam'cheka. Dzuwa linapendeka, mkuluyo osagamula.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, khalani pampando wa a Zuze. Wina anabweretsa ndalama, wina analetsa ngongole kubereka, wina anakana kutsegula pamene aliyense akanatsegula. Pakanapanda mmodzi wa iwo, dimba likanapita. Awiri ayenera kuchoka opanda kanthu. Dimba la mayi Nankhoma mulipereka kwa yani, ndipo awiri otsalawo muwauza mawu otani?