Moto wa Nangozo

Ana inu, mumangoti kupatsa nkuika, koma mukudziwa komwe mawuwa adachokera? Khalani pansi ndikuuzeni.

Kumapiri a ku Bembeke, kumene chisanu chimaluma mpaka m'mafupa, kudali nkhalamba ina dzina lake a Sandalamu. Paunyamata wawo adali khukhi kwa mzungu wina, ndipo popuma ntchito mzunguyo adawapatsa chitofu chachitsulo, cholemera ngati ng'ombe, chokhala ndi chumuni yotulutsira utsi padenga. Chinkaphika, chinkafunditsanso nyumba yonse.

Amene adayatsa chitofucho komaliza adali akazi awo, Nangozo, m'mawa wa tsiku lomwe adamwalira. Kuyambira pamenepo a Sandalamu adalumbira kuti motowo sudzazima. Madzulo ankaukwirira ndi phulusa, m'mawa nkuusonkheza, akuulankhula ngati munthu. Ana adali kutali kutauni, abwenzi adatha kumanda. Mkuluyo adali yekhayekha, ndipo ankasungulumwa kwabasi.

Munthu yekha amene ankagogoda pakhomopo adali Nasibeko, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe moto wa pamafuwa ake sunkagona. M'mawa uliwonse ankabwera ndi phale kudzapala moto. A Sandalamu ankamupatsa, inde, koma monyinyirika, nkhope ili gwaa, moni wake wa pakhosi. Mumtima ankati mayiyu akuwathera Nangozo wawo pang'onopang'ono.

Tsono chitofu chili ndi mwambo wake. Chimafuna chizizire kamodzi pachaka kuti munthu akolope mwaye wa m'chumuni. Mkuluyo ankadziwa bwino zimenezi, si adali khukhi? Koma kuzimitsa moto wa Nangozo, ayi ndithu. Zaka zinayi zidadutsa akusonkhezera nkhuni za paini zautomoni, mwaye ukungounjikana.

Tsiku lina masana m'mwezi wa Juni adamva chumuni ikulira ngati mphepo ya mkuntho. Mwaye udali utagwira moto, chitsulo chafiira psuu, udzu wa padenga wayamba kufuka. Panalibe kuchitira mwina. Adanyamula ndowa, nathira madzi m'chitofu ndi manja awo omwe.

Nyumba idapulumuka. Nkhalamba idakwera padenga, idakolopa mwaye wonse, kenaka idakhala pansi patsogolo pa chitsulo chozizira, machesi ali m'manja osawakhwatcha. Idalira kuposa tsiku la maliro, poti tsopano Nangozo adali atapitiratu.

Dzuwa likupendeka, Nasibeko pobwera kudimba adaona denga lakuda, chumuni ili zii. Adalowa m'nyumba mwake, natuluka ndi phale lija.

"Odi, agogo. Ndabweretsa moto."

"Pita nawo, mwanawe. Wa eni ake sindiufuna. Wanga wafa."

"Wa eni ake uti? Si womwe mwandipalira m'mawa uno? Ndaphikira nyemba tsiku lonse, sunazime. Ndi wa amayi Nangozo womwewo."

A Sandalamu adayang'anitsitsa makalawo. Adawalandira ndi manja awiri, nawaika m'chitofu, nauzira mpaka lawi lidadzuka. Atatero adakokera mpando pafupi ndi moto, nauza Nasibeko kuti akhale awothe, chinthu chimene sadachitepo zaka zinayi zonsezo.

Ndiye chake akulu amati kupatsa nkuika. Chimene wapatsa mnzako sunataye, wangosungitsa. Moto umene mkuluyo adauumirira udafera m'manja mwake, koma umene ankapereka monyinyirika ndi umene udabwerera kwawo.