Thadzi ndi Mabisikoti Opanda Ufa

Thadzi ndi Bakha anali oyandikana nyumba kuseri kwa dimba la nzimbe, ndipo mkangano wawo unali umodzi chaka chonse: kunenepa. Bakha anali wojintcha, woyenda monyang'ama, koma analibe nazo ntchito. Thadzi naye anali ndi thupi labwino la nkhuku yodya mokhuta, koma thupilo linkamusowetsa mtendere. Chilichonse chimene wamva kuti a m'tauni akuchita, ankachitola osachisasa ndi fumbi lomwe.

Tsiku lina Gologolo anabwerera kumudzi atakhala miyezi itatu mumtengo wa kuseri kwa hotela ina. Anafika atapesa mchira, akuyankhulira m'mphuno. Thadzi atamuona pachitsime anatula ndowa yake pansi.

"Achimwene, chiuno ngati cha mavu chotere! Chinsinsi chake n'chiyani?"

"Mayi, chilichonse chopita kuchigayo ndi mdani wa thupi," anayankha Gologolo. "Chimanga, mapira, mawere, tirigu, anthu ozindikira anasiya kalekale. Shuga ndiye satchula n'komwe. Panopa akudya mabisikoti."

"Mabisi chiyani?"

"Mabisikoti. Ndi mabisiketi ataliatali, ophikidwa kawiri, opanda ufa ngakhale wa pachala. Eni ake amapangira mtedza wakunja, koma nsinjiro zathuzi zikhoza. Makapu awiri a nsinjiro, kasoda, kamchere, makoko a ndimu, ndi mazira atatu omangira. Mukande, muumbe ngati mkate, muphike. Ukazizira muucheke timizere, muphikenso mpaka tiume kuti gwa."

Bakha, amene ankachapa chapompo, anadzutsa mutu. "Ine agogo awo a Gologolo ndinawaona," anatero. "Anali owonda chomwechi, chonsecho ankaba chimanga m'nkhokwe tsiku lililonse." Koma Thadzi sanamve, chifukwa anali kalikiliki kuloweza: nsinjiro, soda, mchere, ndimu, mazira.

Atafika kunyumba anatulutsa dengu la mapira ndi thumba la mawere, n'kukhuthulira njiwa pabwalo. Njiwazo sizinafunse chifukwa. Mwamuna wake Tambala atabwera masana anapeza mbale zili zovundikira pathandala, zouma.

"Mayi, chakudya chili kuti?"

"M'nyumba muno ufa tasiya, bambo. Tatukuka."

"Tatukuka liti? M'mawa ndimachoka tili bwinobwino."

Nsinjiro zinalipo, soda analipo, ndimu anali pamtengo. Vuto linali mazira. Thadzi anali ataikira khumi ndi awiri m'chisa chake, ndipo ankayenera kuyamba kufungatira sabata yomweyo. Anawayang'ana, n'kunena yekha kuti, "Atatu okha sangagwetse mtundu." Anawaswera m'beseni.

Anayatsa mbaula, anaika mkate wake mupoto, n'kuthira makala pachivundikiro. Kenako anaona kuti nkhani yabwino siyenera kudikira, choncho anapita kukauza nkhuku zinzake kuti kwawo anasiya ufa. Nsinjiro zili ndi mafuta, sizichedwa kupserera. Pobwerera anapeza utsi uli tolotolo, mupoto muli chinthu chakuda chosasiyana ndi makala a pachivundikiro.

M'mawa mwake anaswanso atatu. Ulendo uno anakhala pambali pa mbaula osaphethira, ndipo mkate unapsa bwino, wofiirira, wonunkhira ndimu. Koma mtima unamufulumira, anaucheka ukadali wotentha, ndipo wonse unagumuka n'kusanduka zinyenyeswazi. Tambala, amene anali atagona ndi njala, anathamangira kukajompha.

"Chokani apo, bambo! Sanaphikidwe kachiwiri amenewo!"

"Kwa ine ndi okoma kale chonchi," anatero Tambala kukamwa kuli tho.

Thadzi anamuthamangitsa ndi mthiko, n'kukataya zinyenyeswazizo kudzala, chifukwa zinalibe maonekedwe a m'tauni. Bakha anasuzumira pampanda n'kuona chisa chatsala theka.

"Asisi, mazira mukuswawo ndi ana anu a mawa. Ine anga ndayamba kale kufungatira. Bwanji mufungatire kaye, za mabisiketizi mudzaona ana akakula?"

"Nsanje basi," anatero Thadzi. "Inu mudzafa mukunyang'ama."

Ulendo wachitatu zinatheka. Mkate unazizira, unachekeka bwino, timizere tinabwerera pamoto mpaka tinauma kuti gwa. Thadzi anatiyala m'mbale yagalasi imene ankasungira alendo, n'kuitana mwamuna wake. Tambala anakweza khosi, anajompha ndi mphamvu za njala ya masiku atatu, ndipo kunamveka kuti khe! Kansonga ka mlomo wake kanagwera pansi, bisikoti ali chikhalire osakandika.

Mawa lake kulira kwa Tambala kunatuluka ndi kamluzu, moti mudzi wonse unadzuka ukuseka. Thadzi anathamangira kwa Gologolo kukadandaula. Gologolo anapukusa mutu momvera chisoni umbuli wa kumudzi. "Sajompha chouma, mayi. Amaviika mu tiyi wopanda shuga, n'kumadya pang'onopang'ono ukuyang'ana patali."

Thadzi anachita zomwezo kwa masiku asanu. Ankaviika, n'kudya kamodzi m'mawa kamodzi madzulo, akuyang'ana patali. Nthenga zinayamba kuthothoka m'khosi, ndipo akaimirira msanga dziko linkazungulira. Iye ankati chizungulirecho ndi umboni woti mafuta akusungunuka. Tambala naye anayamba chizolowezi chatsopano chopita kukawongola miyendo masana alionse, n'kumabwera ndi gaga m'mphepete mwa mlomo wobenthukawo.

"Gaga ameneyu mwamutenga kuti?"

"Ndi fumbi la m'njira, mayi. Kunja kuli mphepo."

Koma kuwonda kopanda mboni kunalibe phindu kwa Thadzi. Anaitana nkhuku zonse za m'mudzimo kuti Loweruka zidzalawe chakudya cha anthu ozindikira. Lachisanu anawerenga mabisikoti otsala n'kupeza kuti sangakwanire. Anapita kuchisa, kumene kunali mazira atatu omaliza.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anawatembenuza ndi mlomo mmene nkhuku imachitira, ndipo thupi lake lenilenilo linkafuna kungokhala pansi n'kuwafungatira. Bakha anamuona ali chiimire ndipo anachoka pa mazira ake n'kubwera kumpanda.

"Asisi, ndagwira mwendo wanu. Siyani atatuwo. Alendo muwauze kuti mwadwala, ndipo simunama, taonani mmene khosi lathothokera."

Thadzi anatsala pang'ono kumvera. Kenako anaganiza za nkhuku zinzake zikunong'onezana kuti za m'tauni zamukanika. Anatola mazira aja, n'kuwaswa msangamsanga asanasinthe maganizo.

Loweruka alendo anadzaza khonde. Thadzi anagawa mabisikoti ndi tiyi wopanda shuga, akufotokoza kuipa kwa chigayo ngati mlaliki. Nkhuku zija zinayesa kujompha, zinayesa kuviika, zinayang'anizana. Palibe inafuna kuoneka yotsalira.

"Koma ndiye kukoma," inatero ina, ikubisa bisikoti kunsi kwa phiko.

"Thupi likuchita kupepuka," inavomereza inzake, m'mimba mukulira mpaka kumveka.

Gologolo anafika mochedwa, atangotsika kumene kuchokera kutauni kachiwiri. Thadzi anamuyalira mkeka, n'kumupatsa mbale yagalasi ija ndi mapiko awiri. Gologolo anatola bisikoti mmodzi, anamununkhiza, n'kumubwezera m'mbale.

"Mayi, mukadali pa zimenezi? Izi zinatha sabata yatha."



"Panopa akuti nsinjiro ndi mazira n'zolemetsa thupi," anapitiriza. "Anthu ozindikira abwerera ku chakudya cha makolo. Kuhotela kuja akudya phala la mawere ndi mapira, m'timbale tadothi, ndi supuni yamtengo. Amachita kulimbirana."

"Mawere?" inafunsa nkhuku ina. "Omwe aja ali mbwee kwathu?"

"Omwewo."

Nkhuku zonse zinanyamuka nthawi imodzi, zikukumbukira mwadzidzidzi kuti zasiya moto kunyumba. Pokupiza mapiko, mabisikoti obisika anagwa pakhonde ngati matalala. Gologolo anatsanzika mwaulemu, ndipo Tambala anamuperekeza mpaka pakhomo pa Bakha, pamene Tambalayo anakhotera kukadya gaga.

Thadzi anatsala yekha. Analowa m'nyumba n'kukhala pachisa chopanda kanthu, mapiko atatambasula ngati pali chofungatira. Anayesa kuikira masiku otsatira, koma thupi lanjala silitulutsa dzira. Mwezi usanathe, mazira a Bakha anaswa, ndipo tiana khumi tachikasu tinkadutsa pampanda m'mawa uliwonse pamzere, tikulira kupita kudambo. Thadzi ankatseka zenera.

Bakha sanamuseke. Tsiku lina anabwera ndi mbale yodzaza gaga wonyowetsa, n'kuiika pafupi ndi chisa. "Idyani, asisi. Thupi likabwerera mudzaikiranso, ngakhale chaka chino chapita."

Thadzi anadya misozi ikugwera m'mbale. Anadya osayang'ana patali, mpaka chithokomiro chinatupa ngati mpira. Atamaliza anapukuta mlomo pansi, anapuma, n'kuthokoza mnansi wake ndi mawu apansipansi. Bakha anaitana ana ake kuti azipita, ndipo anali atafika kale pampanda pamene Thadzi anamuitana.

"Asisi, pepani. Supuni yamtengo ija amanena a Gologolo, simukudziwako amene amasema?"

Bakha anamuyang'ana, anayang'ana ana ake, n'kupitiriza ulendo wa kudambo.

Phunziro: Wothamangira chilichonse chatsopano amaswa za mawa kuti akometse za lero, pomwe amene akuwatsanzirawo sachedwa kusintha nyimbo. Usanasiye chimene chinakulera, funsa kaye ngati wokulangizayo anawonda ndi malangizo akewo kapena n'chibadwa.