Kalumo ka Nyamazawo ndi Malichero a kwa Chimkwasa

Azakhali anga amati mayi wina wapaulendo anapulumutsa banja la a Chimkwasa. Amalume amati ayi, anawalanda chinsinsi dzuwa likuswa mtengo. Ndawamvetsera onse awiri, ndipo pa zimene zinachitikazo sasiyana.

A Chimkwasa ndi ana awo ankaluka malichero m'tsinde mwa phiri la nsungwi. Chinsinsi chawo chinali kamangidwe ka mkombero: lichero linkakalamba, koma mkombero osamasuka. Luso limeneli sankaonetsa munthu wakunja. Koma anthu atayamba kulima mawere ambiri, malicherowo anasiya kugulidwa. Nsungwi ankazing'amba mokhuthala, ndipo mawere ankathawira m'mipata.

"Ili ndi lichero kapena sefa?" amayi ankafunsa choncho pamsika.

Tsiku lina kunafika mayi wapaulendo, dzina lake Nyamazawo, kudzapempha madzi. Atayang'anitsitsa ntchito yawo, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kalumo.

"Mayi, mwabwera kudzatimeta? Pano palibe maliro," anatero mwana wamkulu wa a Chimkwasa, onse n'kuseka.

"Ndimeta nsungwi, bambo. Inu dazi linakumetani kale."

Mayiyo anatola kamzere ka nsungwi kamene iwo ankati katha kung'ambidwa, n'kukang'amba pawiri, kenaka pawirinso, mpaka kanapyapyala moti atakakweza, dzuwa linkaonekera. Kuseka kunatha. Analuka kachigamba kukula ngati chikhatho, nathirapo madzi otsala m'chikho. Madziwo anakhala pompo akunjenjemera, osadontha.

A Chimkwasa anagwira pakamwa. "Zaka makumi anayi ndikugwira nsungwi, osadziwa kuti m'kati mwake muli nsalu. Tiphunzitseni, mayi."

"Ndikuphunzitsani. Koma kwathu mikombero imamasuka dzinja lisanathe. Nanunso mundionetse yanu."

"Bambo," anadandaula mwana uja, "akapita nacho chinsinsi, ife tidzasiyana bwanji ndi ena?"

Funso lakelo silinali lopusa, ndipo apa amalume ndimawamvetsa. Patapita zaka, midzi ina inayambadi kumanga mikombero yolimba. Koma azakhali nawo amafunsa kuti mkombero wolimba uli ndi phindu lanji pa lichero losapeta.

Apa ndi pamene panachokera mwambi wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nzeru imene ikusowa pakhomo nthawi zambiri imakhala chinthu wamba m'manja mwa munthu wakutali. N'chifukwa chake ngakhale makampani okhala ndi akatswiri awoawo amakafunsa kwa ogula, kwa alimi, ngakhale kwa anzawo opikisana nawo. Kungoti mlendo sabwera kudzangopereka. Nayenso amafuna kunyamulapo kanthu.

A Chimkwasa anayang'ananso madzi aja. Kenaka anatenga lichero losamaliza, nakhala pansi pafupi ndi mlendoyo.

"Yang'anani zala zanga, mayi. Ndimanga pang'onopang'ono."