Chubu Chimene Anachiboola Dala

Panali munthu wina amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi msika. Anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Sigele. Mwanayo ankalephera liwu limodzi lokha, "s" wa kumayambiriro kwa mawu. Sopo ankati topo, ngakhale dzina lake lomwe ankati Tigele.

Akuluakulu ankamuuza kuti abwereze, n'cholinga choti asekenso. Mapeto ake mwana anatseka pakamwa, chilichonse n'kumangoloza ndi chala. Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti sukulu itsegulidwe, ndipo bamboyo zinkamuwawa mumtima. Aphunzitsi akadzamufunsa dzina, adzaloza chiyani?

Anayesa kumukalipira, mwana anangogwetsa misozi. Alamu ake anati zisiyeni, zidzatha zokha ngati chimfine. Iye anakana, poti tayala lophwa silidzipopa lokha.

Tsiku lina akufunafuna pamene chubu cha njinga ya kasitomala chabooka, anaona Sigele atatchera khutu ku mpweya wotulukawo, milomo ikugwedera. Atamaliza ntchitoyo anatsitsa chubu chatsopano pa msomali, nachipopa, n'kuchiboola ndi singano. Munthu wodyera kumata zigamba, n'kumaboola chubu dala! Makasitomala anati mutu wamuzungulira.

"Mwanangu, chubuchi chikudwala," anatero bamboyo. "Chikulira bwanji? Ine makutu anagontha ndi hamala."

Mwana anayang'ana uku ndi uku. Kenako anakumanitsa mano: "Sssss."

Bamboyo sanawombe m'manja, sanaitane anthu. Anangoti, "Eya, chikuliradi choncho." Mawa lake anapopanso. Mpweya ukamatuluka, ankanyamula chinthu chimodzi, kaya sopo kaya sipanala. Mwana ankayamba ndi kulira kwa chubu, mawuwo n'kutsatira pambuyo. Masiku ena ankabwerera ku topo, ndipo bamboyo ankangopopanso.

Tsiku lotsegulira sukulu bamboyo anakaima pawindo la kalasi, manja ali girisi yekhayekha. Aphunzitsi atafunsa mwanayo dzina, m'kalasi munali zii. Kenako bamboyo anamva kampweya katalikatali, pambuyo pake dzina lonse: "Sssigele." Anabwerera ku mtengo wake wa mango ali kupukuta m'maso, ndipo chubu chija sanachimate.

Inu olera ana, kuseka ndi kukalipa sikumasula lilime. Onani pamene mwana watchera khutu, muyambire pomwepo, liwu limodzi tsiku ndi tsiku, osatopa. Ngati pafunika kuboola chubu chanu chatsopano, chibooleni. Chubu mukachipeza kumsika, koma mwana akatsekeratu pakamwa, mawu ake simukawagula kulikonse.