Migolo ya Achapachapa

Kuseri kwa nyumba za lendi kunali bwalo la simenti, ndipo wolamula pabwalopo anali mayi wina wochapa zovala za anthu, amene aliyense ankangowatchula kuti Achapachapa. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Koma pakamwa, eee, panali pamoto! Zovala ankaziviika m'migolo iwiri yodula pakati, yodzaza madzi a sopo tsiku lonse, yosavindikira.

Masana ena, kamwana ka telala wa khomo loyandikana, kongophunzira kumene kuyenda, kanapezeka katagwera mumgolo, mutu uli m'madzi, timiyendo tili m'mwamba. Pofika nako kuchipatala n'kuti katapita kale.

Maliro atatha, kunabwera anesi a pachipatala cha m'deralo. Anafotokoza kuti mwana akamwalira, iwo amakhala pansi ndi makolo komanso oyandikana nawo n'kuunika bwino chomwe chachitika, kuti chimene chatenga mwana mmodzi chisatengenso wina.

"Sitinabwere kudzaloza munthu chala, mayi," anatero anesiwo mofatsa. "Tikungofuna tidziwe kuti mwanayu anafika bwanji pamadzi popanda womuona. Pajatu mwana akagwera m'madzi salira."

Achapachapa anadzambatuka, thovu la sopo lili m'manja.

"Ndiye mwabwera kudzafukula maliro? Mwana uja anali wokomokakomoka, akanagwa ngakhale pamphasa! Migolo yangayi yakhala pano zaka zonsezi, inamezapo ndani?"

Mkazi wa telala anangozyolika, misozi ili chuchuchu. Mwana wake anali asanakomokepo n'kamodzi komwe.

Msonkhano unachitikabe, Achapachapa osapitako. Anthu anagwirizana kuti madzi alionse osungidwa pabwalo azikhala ovindikira. Kalipentala wa kumapeto kwa mdadadawo anakhoma zivindikiro ziwiri zamatabwa n'kubwera nazo yekha.

"Nazi, alamu, zaulere. Ikanipo, sopo wanu sabanika ayi."

"Kavindikireni mkazi wanu pakamwa," anayankha Achapachapa osacheuka n'komwe.

Kunena zoona, mayiwa sanali ouma mtima. Imfa ya kamwana kaja inkawadya m'kati, moti ankati akaona timalaya tating'ono m'zovala zochapa, ankayang'ana kumbali. Chimene ankaopa ndi ichi: akavindikira lero, mawa anthu azidzati Achapachapa avomera kuti ndiwo anapha mwana. Choncho zivindikiro zija anaziyedzamiritsa kukhoma, n'kumayanikapo masokosi. Posakhalitsa telala ndi mkazi wake anasamuka osatsanzika.

Itapita miyezi ingapo, mwana wamkazi wa Achapachapa anabwera kudzacheza, atabereka kamnyamata kake koyamba, kamene kanali katangoyamba kuyenda dzandidzandi.

"Amuna anga afika!" anafuula Achapachapa akuvina nako. "Mwandibweretsera chiyani, bambo, kapena mwabwera chimanjamanja ngati agogo anu?"

Mwana wamkaziyo ataona migolo ija, nkhope inagwa.

"Amayi, zivindikirozi zilipo, bwanji osangoikapo?"

"Nawenso wayamba? Ndinakulerera pa migolo yomweyi iwe. Unafa?"

M'mawa mwake, popita kumsika, mwana wamkaziyo anabwerezanso kuti, "Chonde amayi, maso pamwana."

"Pita iwe! Ukufuna undiphunzitse kulera?"

Atangochoka, kukhomo lakumaso kunafika bambo wina atanyamula shati, akuti yapsa ndi simbi. Pa mkangano Achapachapa sankagonja. Anakhazika mdzukulu wawo pakhonde, kumupatsa supuni kuti aziseweretsa, n'kupita kukamuonetsa munthuyo kuti banga limenelo linabwera ndi shati yomwe. Mawu anakwera, aneba anasuzumira m'mawindo, ndipo bamboyo anachoka akung'ung'udza. Mlandu anawina Achapachapa.

Pobwerera anapeza supuni ili pakhonde yokha. Pabwalo panali zii. Pamenepo mawu a anesi aja anawabwerera asanayang'ane n'komwe kumigolo.

Kulira kumene analira tsiku limenelo, abale inu, musadzakumve. Mwana wawo atafika sanakuwe, sanatukwane. Anangoyang'ana zivindikiro zija kukhoma, masokosi ali pamwamba, kenako n'kuyang'ana mayi ake. Maliro atatha analongedza chikwama chake n'kumapita, ndipo mawu oti "amayi" sanatulukenso pakamwa pake.

Anesi atabweranso kudzaunika imfa imeneyi, sanachite kuwaitana. Achapachapa anali oyamba kufika, atakhala pansi penipeni, mawu atasasa.

"Ana awiriwa anafa imfa imodzi," anatero. "Wa telala uja sankakomoka ayi, ndinanama ine. Mukanene kulikonse kumene mumapitako kuti madzi azivindikira. Ndipo amene akudziwa kumene anasamukira mkazi wa telala andiuze, ndikamugwire mwendo."

Panalibe amene ankadziwa.

Madzulo ake anachotsa masokosi aja, nanyamula zivindikiro n'kuziika pamigolo. Zinakwana bwinobwino, ngati kalipentala anachita kuyeza dzulo. Anakhala pakhonde atafumbata supuni ija, pabwalo popanda mwana woti n'kumuteteza.

Misozi ya telala akanaitenga ngati yawo, bwenzi mdzukulu wawo akuthamanga pabwalo lomwelo. Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.