Nsalu za Ukwati wa Sigele

Panali mayi wina ku Lilongwe, dzina lake Enelesi, amene ankagulitsa nsalu pa foni. Analibe shopu, analibe benchi mumsika. Ankayala zitenje pabedi, n'kuzijambula, n'kuika zithunzizo pa WhatsApp, anthu n'kumaitanitsa ali kwawo. Katundu ankatumiza pa minibasi.

Poyamba makasitomala anali ochepa, moti aliyense ankamulembera mawu akeake. Ankafunsa za ana, za mvula, za mwendo umene unkapweteka mwezi watha. Woyamba kumugula anali Anachisale, mphunzitsi wa ku Ntcheu. Awiriwa anali asanaonanepo maso ndi maso, koma kwa zaka zinayi ankalemberana ngati pachibale. Anachisale ndi amene anamubweretsera aphunzitsi anzawo ndi amayi a kutchalitchi kwawo.

Bizinesi inakula. Foni inkangolira ngati khanda la njala. Mauthenga mazana awiri pa tsiku, zala kuwawa, ndiwo kupserera pamoto. Ndiye mnzake wina anamupatsa nzeru: "Iwe, ukudzipheranji? Lemberatu mayankho, uwasunge. Wofunsa mtengo, yankho loyamba. Wofunsa za minibasi, lachiwiri. Wa ukwati, lachitatu. Uzingodina, basi."

Musandimve molakwa, nzeruyo inali yabwino. Inenso ndimaiphunzitsa. Enelesi anapumako, ana ake anayambanso kudya ndiwo zosapserera. Koma pang'onopang'ono maso ake anaphunzira ulesi. Uthenga ukakhala wautali sankauwerenganso. Ankangosakamo zinthu zitatu: mtundu wa nsalu, kuchuluka kwake, ndi tsiku. Zina zonse ankaziona ngati makoko.

Chaka chimenecho mwana wa Anachisale, mtsikana dzina lake Sigele, anatomeredwa, ndipo ukwati anaukonza mu Okutobala. Mayi ndi mwana, mothandizidwa ndi Enelesi, anasankha limodzi chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, choti achibale adzavale pa tsikulo, nauza Enelesi kuti awasungire makumi atatu.

Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa Ogasiti, kunabwera uthenga wa Anachisale. Unali wautali. Nthawi imeneyo n'kuti Enelesi ali pa depoti, kondakitala akumufulumizitsa, mauthenga ena makumi anayi akudikira. Maso ake anathamangira kumunsi: chobiriwira chija, makumi atatu, zifike mawa. Mumtima anati, "Eee, ukwati uja ausendeza pafupi!" Anadina yankho lachitatu:

"Zikomo kwambiri kasitomala wathu wokondedwa! Tikukufunirani chimwemwe chodzaza tsaya pa tsiku lanu lalikulu. Mukavine mpaka fumbi koboo! Musaiwale kutitumizira chithunzi, tidzachiike pa tsamba lathu."

Nsalu anatumiza tsiku lomwelo, zopindidwa bwino. Pa changu pokha palibe akanamunena.

Patapita masiku anayi, chithunzi chinabwera kuchokera kwa Anachisale, chopanda mawu alionse. Amayi makumi atatu atavala chobiriwira cha maluwa achikasu, atakhala pansi pa mphasa, mitu itawerama. Pakati pawo panali bokosi loyera.

Enelesi anabwerera ku uthenga uja, nauwerenga kuyambira pamwamba, kwa nthawi yoyamba. Unkati:

"Achemwali, Sigele watisiya m'mamawa uno kuchipatala. Wangodwala masiku atatu. Sindinauze anthu ambiri, manja akunjenjemera. Ndalembera inu chifukwa ndinu munamuthandiza kusankha nsalu ija, ndipo ankaikonda kwambiri. Sadzaionanso pa ukwati, ndiye ndikufuna timuperekeze titavala yomweyo. Mundipempherere, mphamvu zandithera. Chobiriwira chija, makumi atatu, zifike mawa."

Pansi pake penipeni panali yankho lake lija, lowauza kuti akavine.

Analira Enelesi, kulira kwa manyazi kumene sungaitanire munthu kuti akutonthoze. Anayamba kulemba mawu opepesa, nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Mawu onse ankaoneka ngati osungiratu. Kenako anazimitsa foni, Loweruka, tsiku la malonda ambiri, nakwera minibasi yomwe ankatumizira nsalu ija, ulendo wa ku Ntcheu.

Anawapeza Anachisale atakhala pakhonde, duku kumutu, maso otupa. Enelesi anagwada chapatali nadzitchula dzina, poti nkhope sankadziwana. Anachisale anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ndiye ndinu a Enelesi," anatero. "Mwayenda, zikomo. Nsalu zinafika bwino. Ndikudziwa kuti simunawerenge. Mukanawerenga simukanalemba zija. Komatu chimene chikundipweteka n'chomwecho. Ine ndinkalembera mchemwali wanga, osadziwa kuti ndikulembera sitolo."

Anamuyalira mphasa, namupatsa madzi akumwa, ndipo pochoka anamuperekeza mpaka pa msewu monga achitira ndi mlendo aliyense. Kukhululuka anakhululuka, inde. Ngakhale nsalu sanasiye kugula. Koma chichokereni tsiku limenelo, Anachisale akafuna chitenje amalemba mzere umodzi: mtundu, kuchuluka, tsiku. Za ana, za mvula, za mwendo, sanalembenso. Enelesi mzerewo amauwerenga kawiri, katatu, kufunafuna mawu ena. Sapezamo kanthu.

Tsono inu mwakhala panonu ndi mafoni m'manja, ndikukuonanitu, ena mukuyankha makasitomala pansi pa tebulo ine ndikulankhula. Mayankho osungiratu lembani ndithu. Mtengo wa nsalu ndi nthawi ya minibasi sizifuna mawu atsopano tsiku ndi tsiku. Koma musadine musanawerenge uthenga wonse, kuyambira moni mpaka mawu omaliza. Ngati nthawi yowerenga mulibe, usiyeni udikire, yankho lochedwa munthu amaiwala. Mwa mauthenga mazana awiri aja, umodzi walembedwa ndi manja onjenjemera, ndipo pa foni panu udzalira chimodzimodzi ndi enawo.