Njovu ya Mfuko Imene Khwangwala Anakwecha

Khwangwala ndi Mfuko anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo, ndipo chimene chinawadanitsa ndi kandalama kamodzi kakuda bii, kosagula ngakhale mchere. Ankakhala pabwinja la mishoni yakale, pamene wansembe wina wa kutsidya la nyanja anamwalira n'kusiya bokosi la ndalama za siliva za Aroma akale. Chiswe chinadya bokosilo, ndalama zija n'kumwazikana m'dothi. Mfuko, pokumba njira zake, ankazitola imodziimodzi n'kumasunga.

Sankagulira kanthu ayi. Ankangoziyala m'chipinda chake cha pansi n'kumazisisita ndi mphuno, poti maso ake ndi ofooka. Nkhope za mafumu a pa ndalamazo ankazidziwa ngati abale ake: wamphuno yokhota, wandevu, wakhosi lonenepa. Koma yapamtima inali ya njovu ikuponda njoka, pakuti pa zaka zonse zokumba sanapezenso ina yotero.

Khwangwala zimenezi sankazimvetsa, koma ankangovomera ndi mutu. Analibe bwenzi lina. Nyama zonse zinkamutcha wakuba, ndipo dzina loipa akakumata nalo silichoka, ngakhale amene anakumatawo atakhala akuba oposa iwe. Mfuko yekha ndiye ankamupatsa moni ngati munthu.

Dzinja lina mvula inagwa ya mvumbi, madzi n'kuyamba kulowa kuuna. Mfuko anatuluka ali matope okhaokha, kandalama kaja kali kukamwa.

"Achimwene, zinazo zinyowe, koma njovu yangayi mundisungire m'chisa mwanu mpaka mvula itakata," anatero.

Khwangwala anauluka nayo pamwamba pa bulugamu, mtima uli m'mwamba chifukwa chodaliridwa. Koma ataiyika pakati pa chuma chake, mutu unamuima. Supuni yake inkawala, zotsekera mabotolo zinkawala, ngakhale kapepala ka m'paketi ya fodya kankawala. Nanga iyi, yakuda ngati kunsi kwa mphika, yokumbika m'mbali, ndiye ya mtengo wapatali bwanji?

Anaitembenuza uku ndi uku masiku awiri, yankho osalipeza. Kenaka anaganiza kuti wazindikira: mnzakeyo saona, ndiye sadziwa kuti chuma chake n'chauve, ndipo palibe amene anamuuzapo. Chisoni chinamugwira. Anatsimikiza kuti akabweza chinthu chimene nyama zonse zidzagwira pakamwa pochiona.

Anapita kwa Bakha, amene ankakhala kumjigo kumene amayi amakwechera mapoto, n'kumufunsa chimene chimayeretsa chitsulo. Bakha sanafunse n'komwe kuti chitsulo chanji. Anangoti phulusa, mchenga ndi ndimu, atanyamula khosi ngati wa sukulu. Alangizi otere adzaza dziko lino, ndipo zikavuta suwaonanso.

Tsiku loyamba Khwangwala anakwecha, kuda kuja n'kuchoka. Lachiwiri anaona timizeremizere totsalira, akuti ndi litsiro louma, anakwechanso pamwala, osadziwa kuti ndi chitamba cha njovu ndi mchira wa njoka. Lachitatu ndalama inali mbee, yosalala mbali zonse. Anadabwa pang'ono kuti njovu ija yalowera kuti, koma anadzitonthoza kuti mwina yabisika ndi kuwala.

Mvula itakata anaitana Nungu, Bakha ndi ena kuti adzaone, n'kuika ndalamayo pamaso pa mwini wake. Mfuko anaisisita ndi mphuno. Anaitembenuza, anasisitanso.

"Achimwene, iyi si yanga. Njovu yanga ili kuti?"

"Ndi yomweyo, anzanga. Taonani mmene ikuwalira."

"Ine ndione ndi chiyani?"

Apo chisokonezo chinayamba. Nungu, amene anamuika kuti aweruze, anati iye mlandu wotere sanauonepo, woti wakuba abe chakuda n'kubweza choyera. Ena ankati Mfuko athokoze, ena ankati khwangwala ndi khwangwala basi, wabisa yeniyeni m'chisa. Khwangwala anati afunse Bakha, koma Bakha anakanitsitsa kuti iye za ndalama sanauzidwepo, ankayesa akunena za poto.

Khwangwala anakwecha masiku atatu mpaka mlomo kutupa, ndiye lero akumutcha wakuba? Anafotokoza zonse, za phulusa, za mchenga, za mwala, akuyembekeza kuti mnzake akamva thukuta limene anakhetsa aseka n'kumukumbatira.

Mfuko ananunkhiza ndalama ija nthawi yaitali. Fungo la ndimu linalipo ndithu. Anauza Nungu kuti mlandu uthe, Khwangwala sanabe. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti kuda kuja sikunali litsiro koma zaka, ndi manja a anthu amene anafa kalekale, ndipo siliva wosalala ali paliponse.

"Ndiye mwandikhululukira?" anafunsa Khwangwala. "Poti mwaona kuti sindinabe."

"Bola mukanaba, achimwene," anayankha Mfuko. "Bwenzi njovu yanga ikanalipobe kwinakwake."

Analowa kuuna n'kutseka khomo ndi dothi. Ndalama ija anaisiya panja, ndipo nyama zinabalalika zikutsutsanabe kuti wolakwa ndani. Khwangwala anaitola, anaiyang'ana padzuwa, inali yokongola kuposa supuni, kuposa chilichonse chimene anali nacho. Sanamvetsebe.

Mpaka lero akaona mulu wa dothi limene Mfuko wafukula, amatera pompo n'kuitana ndi mawu ake osasa aja. Pansi sipachoka yankho. Amapendeketsa mutu, kuyang'ana ndi diso ili, kuyang'ananso ndi linalo, kenaka n'kuuluka.

Phunziro: Chinthu cha mwini usachikonze ndi maso ako, yamba wafunsa chimene iye amachikondera. Safunsa anadya phula. Ndipo inu amene mumathamangira kukwecha zakale kuti ziwale, dziwani kuti wowononga mokoma mtima amapweteka kuposa mbala, chifukwa mbala ikagwidwa imabweza.